Timabala Titatu ta Enelesi

Tinanyamuka kwathu, kuseri kwa Chiringa, kum'mawa kutangoyamba kufiira. Inali nyengo yothyola nandolo, chaka chija tinavota kachitatu chibwerere zipani zambiri. Tinalipo atatu ndi njinga imodzi: ine, mng'ono wanga Enelesi, ndi mwamuna wake Laisoni. Enelesi anakhala pa kaliyala atapinda msana, dzanja limodzi lili pamimba. Laisoni ankakankha njingayo, thumba la ufa lili pa felemu. Ine ndinali pambuyo ndi beseni pamutu, mtolo wa nkhuni pamwamba pake, ndikuwakalipira onse awiri kuti akutichedwetsa.

Amene simunadikirirepo wodwala kuchipatala chachikulu, dziwani kuti gadiyani amachita kusamuka ndithu. Aliyense m'mudzi anatiuza kuti opaleshoni ya m'mimba ndi mwezi wathunthu munthu ali gone. Choncho ndinatenga ufa wa mwezi, nandolo, makaka a chinangwa, mapoto awiri, mthiko ndi nkhuni zija, poti ndinamva kuti ku Blantyre nkhuni amagulitsa zitatuzitatu ngati tomato. Ana anga ndinawasiya kwa amayi, ndipo nandolo wanga ndinamusiya m'munda akuthetheka yekha padzuwa.

Enelesi anali atakhala pabanja zaka zingapo popanda mwana. Pamwamba pa izo panali ululu wa m'munsi mwa mimba. Poyamba unkabwera pamwezi, kenako unangokhazikika. Tinkamupeza atagona pakati pa mizere kumunda, khasu lili poteropo, akuluma nsalu. Azitsamba anamutema mphini mpaka m'chiuno munadzaza. Pamapeto pake ku chipatala cha mishoni anamuunika n'kupeza chotupa chamadzi pambali pa chiberekero, pamene pamachokera mazira. Anati apite ku Blantyre msanga, kwabwera madokotala achilendo ndi makina awo, ndipo sakhalitsa.

Njinga ya Laisoni inali ndi madigadi omasuka amene ankalira kwetekwete pa kabampu kalikonse, moti agalu a m'mudzi ankamudziwa asanamuone. Inalira choncho mpaka pa mphambano ya pa mtengo wa mango, pamene njira imagawikana. Ina imapita kwathu, ina imapita kwa amayi ake a Laisoni. Kwathu kuno mwamuna ndiye amabwera kudzakhala kwa mkazi, ndipo tsiku limene watopa samanga katundu wambiri: bulangete, wailesi, njinga, basi wapita. Tonse tinkadziwa kuti amayi akewo anali atayamba kale kumulozera mtsikana wina wa kumeneko.

Pa mphambanopo Laisoni anaimitsa njinga, n'kulankhula akuyang'ana mahandulo.

"Alamu, ndikupempheni chinthu chimodzi. Mukaonetsetse asakamutseke."

"Amutseke ndani? Munthu wopanda ndi mwana mmodzi yemwe?"

"Anthu akunena. Akuti akakugoneka tulo kumeneko, njira za ana amangomanga osakufunsa. Mukaone ndi maso anu, alamu. Akamutseka, ine amayi sindingathenso kuwakana."

Enelesi anangoyang'ana zala za kumapazi. Ine pakamwa panga pamathamanga kuposa mutu. Ndinamenya pachifuwa n'kulonjeza kuti ndikaima pomwepo mpeni ukugwira ntchito, ndipo palibe amene akamange kanthu ine ndili moyo.

Pa Chiringa tinapeza galimoto ya matola itaima pamaso pa golosale, kapikiyapu koyera kamene kanali ndi dzimbiri lochuluka kuposa penti. Kondakitala anatilandira ngati abale ake, anati tikunyamuka pompano. Pompano wa matola mukumudziwa. Dzuwa linakwera, tinadya zitumbuwa, Enelesi anangonyema kachidutswa n'kundibwezera. Ine ndinatsika, ndinakwera, ndinatsikanso, ndinakafunsa dalaivala amene ankasewera bawo pakhonde ngati galimotoyo inali yake kapena ankangoilondera. Atayamba kutolera ndalama, kondakitala anati mpaka pa Chitakale ndi makwacha 200 munthu mmodzi, ndipo nkhuni zanga nazo zilipire theka.

"Nkhuni zikupita kukaona ndani ku Chitakale?" ndinamufunsa.

"Zakhala malo a munthu, mayi."

"Ndiye zipatseni moni kaye."

Anthu anaseka, nkhuni zinayenda ulere. Galimoto itadzuka ndinacheuka. Laisoni anali ataima pomwe tinamusiya, wagwira njinga yake, osakweza ndi dzanja lomwe.

Msewu wa kumeneko masiku amenewo unali wafumbi, wa mabampu ondondozana ngati malata. Phiri la Michesi linali kumanzere kwathu, chigwa chofiirira kumanja, minda ya nandolo ndi chinangwa mpaka kumene maso alekezera. Bampu lililonse Enelesi ankatseka maso n'kundifinya bondo. Ndinamukhazika pa thumba la ufa kuti pafeweko, koma sizinathandize kwenikweni.

Pa Migowi panakwera mayi wina wonenepa ndi dengu la matemba, ankapita nawo kumsika wa ku Limbe. Anadzipanikiza pakati pathu, fungo la matemba n'kutikuta tonse. Asanakhazikike n'komwe anali atadziwa kale kumene tikupita ndi chifukwa chake, poti nanenso sindisunga mawu.

"Opaleshoni? Iii, mwana wanga, limba mtima," anatero. Anauza amayi awiri kuti atchinge ndi chitenje, n'kukweza bulauzi. Chipsera chake chinayambira pa mchombo kutsetsereka mpaka pansi, chakuda, cha timiyendo mbali zonse ngati bongololo. "Mwaona? Opaleshoni yochotsa matenda ndi imeneyi. Ndinagona mwezi, kutsokomola kokha ndimaitana Yesu. Koma ndikuuzeni, achemwali. Mukakaona kabala kakang'ono, ka pulasitala imodzi, munthu n'kutuluka mawa lake akuyenda yekha, dziwani kuti amutseka. Mng'ono wanga anakatseketsa atabereka asanu ndi awiri, kabala kake simungakaone n'komwe."

Amayi ena aja anavomereza ndi mitu. Nane ndinavomereza, poti ndi zimene tonse tinkadziwa: bala lalikulu ndi la matenda, laling'ono ndi la kulera. Mdala wina amene anafungatira wailesi kumapeto anatsokomola n'kunena kuti azimayi tiziona poyankhulira, koma palibe anamulabadira.

Titangodutsa pa boma la Phalombe, chapafupi ndi miyala ikuluikulu imene Napolo anagubuduza kuchokera m'phiri, tayala linaphulika. Tayala lapadera linalipo, koma lopanda mpweya. Kondakitala analigubuduza kubwerera nalo ku boma, ife n'kutsala padzuwa. Mtima wanga unali m'mwamba. Ndinkangoona madokotala achilendo aja akulongedza makina awo ife tili pano kuyang'ana miyala. Ndinayenda kupita uku, kubwerera uku, ndinaimitsa thirakitala imene inkalowera kwina, ndinakangana ndi dalaivala mpaka anakabisala pansi pa galimoto ngati akukonza kanthu.

Enelesi anagona pamthunzi, mutu pa thumba la ufa. Nditapita kukamupatsa madzi anandigwira mkono.

"Achemwali, ine ndikungofuna nditagona tsiku limodzi lokha osamva chinthu ichi."

"Usadandaule," ndinamuyankha, maso ali kumsewu. "Chiberekero sakachikhudza. Ndilipo ine."

Anandiyang'ana pang'ono, n'kundisiya mkono. Nthawi imeneyo kondakitala anatulukira ndi tayala, ndipo ndinathamanga kukalimbirana malo.

Tinafika pa Chitakale dzuwa litapendeka kale, tonse tili ofiira ndi fumbi mpaka m'nsidze. Apa m'pamene pamayambira tala, ndipo minda ya tiyi imabiriwira ngakhale m'chilimwe ngati ili ndi mvula yakeyake. Ndinagula nthochi ndi chinangwa chophika. Oitanira minibasi anatikokera uku ndi uku, wina atanyamula ufa, wina beseni, ine ndikukuwa kuti katundu wanga alowe galimoto imodzi. Ku Limbe anati makwacha 150. Anatipanikiza anayi pampando wa atatu, nkhuni zili pansi pa miyendo, mawondo anga ali pafupi ndi chibwano. Mayi wa matemba anakwera nafe, ndipo njira yonse ya Midima anatiwerengera anthu amene anawadziwa omwe sanadzuke ku opaleshoni. Pa Nkando ndinamugulira chimanga chootcha kuti pakamwa pakhale ndi ntchito ina.

Za ku Limbe ndinene mwachidule: phokoso, utsi, ndi anthu othamanga ngati kwinakwake kwapsa nyumba. Ndinamanga kachikwama m'chiuno mkati mwa chitenje, dzanja lina ndagwira Enelesi. Chakumadzulo minibasi yachiwiri inatitula pageti pa chipatala chachikulu. Anesi anaona kabuku kake, anamupatsa bedi, n'kunena kuti tachita mwayi, alowa ku fiyeta, chipinda cha opaleshoni, mkucha. Ine anandilozera kumene amaphikira magadiyani, shedi yakuda ndi utsi, yodzaza amayi ochokera m'maboma onse. Ataona mtolo wanga wa nkhuni anandipatsa ulemu ngati mkazi wa nduna.

Mawa lake madokotala anadzazungulira mu wodi. Nthawi imeneyo magadiyani amatitulutsa panja, choncho zimene anamufotokozera Enelesi sindinazimve. Nditabwerera anayamba kundiuza kuti akuti sang'amba, koma ine ndinamudula. Ndinali ndi funso limodzi basi, ngati anatchulapo zotseka. Anati ayi. Ndinati chabwino, zinazo ndi zawo.

Tsiku la opaleshoni anamuveka chovala chobiriwira chomanga kumbuyo, n'kumukankha pa kabedi ka mateyala. Ndinatsatira mpaka pa chitseko cha fiyeta, ndipo ndikanalowa ndithu pakanapanda nesi wina wamkulu thupi amene anaima pakhomo.

"Mayi, mukupita kuti?"

"Ndinatumidwa kuti ndikaone ndi maso anga."

"Anakutumani ndani?"

"Alamu anga."

"Alamu anuwo akakhala ndi fiyeta yawo muzikalowa. Khalani pa benchi apo."

Pa benchi sindinakhalepo. Ndinayenda m'khonde lija mpaka wokolopa anandipempha kuti ndisankhe mbali imodzi yoti ndiziidetsa. Ndinapemphera, ndinasiya, ndinasuzumira pa kagalasi ka chitseko koma kanali kopaka penti. Ndinali ndi mantha, ndinene zoona. Ndinkaopa kuti mng'ono wanga sadzuka, ndipo ndinkaopanso kuti adzuka atamangidwa, ine wolonjeza uja ndili panja ngati mbuzi yomangidwa pa chikhomo.

Anamutulutsa dzuwa lisanafike paliwombo, ali m'tulo, milomo itauma. Atangomugoneka pabedi lake anesi n'kupotoloka, ndinakweza chovala chija kuti ndione bala. Ndinkayembekeza bandeji yaikulu yokuta mimba yonse. Ndinapeza timapulasitala titatu, kamodzi pa mchombo, tiwiri m'munsi, mbali iyi ndi iyi. Kalikonse ndikanakaphimba ndi chala chachikulu.

Mawu a mayi wa matemba anabwera onse m'makutu. Kenako mtima unandipsa, ndipo ndinakuwa wodi yonse inamva.

"Mwamutseka! Mwamutseka mwana wa amayi anga! Munthu wopanda mwana, mwamulakwira chiyani?"

Odwala anadzuka m'mabedi. Nesi wa pakhomo uja anabwera, osathamanga, n'kundigwira paphewa.

"Mayi, tsitsani mawu, muno muli odwala. Ndani wakuuzani kuti tamutseka?"

"Ndili ndi maso! Bala la matenda ndimalidziwa. Ichi n'chiyani?"

Anapumira m'mwamba ngati munthu amene wamva funso lomwelo kambirimbiri, n'kupita kukaitana adokotala. Anabwera mayi wachitsikana, Mmalawi mnzathu, amene ankagwira ntchito pamodzi ndi alendo aja. Sanandikalipire. Anati popeza ndinatumidwa kudzaona, ndibwere ndidzaone. Ananditengera m'kachipinda momwe munali kanema pa tebulo, analowetsa tepi, n'kuibweza m'mbuyo.

"Awa ndi m'mimba mwa mng'ono wanu," anatero. "Pa mchombo paja tinalowetsa kachitsulo kokhala ndi nyali ndi kamera. Pa timabala tiwiri tinato tinalowetsa zida. Ife timayang'ana pa kanema apa, manja akugwira ntchito panja."

Ndatumbula nkhuku zambiri pa moyo wanga, choncho sindinachite nseru. Munali mofiirira, monyezimira. Anandilozera chiberekero, kanthu kosalala kooneka kosalakwa, kamene kanatiyendetsa ulendo wonsewu. Pambali pake panali chotupa chija, chotuwa, chotukumuka ngati chikhodzodzo cha mbuzi. Timitengo tiwiri tachitsulo tinachigwira, tinachiboola, madzi anakokedwa, chinafota, ndipo tinachisenda pang'onopang'ono mpaka chinachoka. Ndinapezeka ndagwira m'mphepete mwa tebulo ndi manja onse.

"Tsono penyani apa. Izi ndi njira zimene mukunenazo, iyi ndi iyi. Tinathira mankhwala a mtundu kuchokera kumunsi kuti tione ngati zili zotseguka."

Ndinadikira. Kunsonga kwa njira imodzi kunatuluka madzi obiriwira ngati buluu wochapira malaya a sukulu, kudontha, kenako kuyenderera. Kunsonga kwa inayo chimodzimodzi.

"Njira yomangidwa siitulutsa madzi, mayi."

"Ndiye abereka?"

"Zimenezo sindingakulonjezeni. Chimene ndikudziwa n'choti chotupa chachoka, ndipo njira zili zotseguka."

Manyazi anandigwira mpaka ndinasowa poyang'ana. Ndinapepesa kwa adokotala, ndinakapepesa kwa anesi, ndinapepesanso kwa gogo wina wa bedi loyandikana amene ndinamugwetsera kapu ya phala pokuwa paja. Koma mkati ndinali kuvina. Ndinaona ndi maso anga, monga ndinalonjezera.

Enelesi atatsitsimuka, chinthu choyamba kudandaula chinali phewa. Ndinathamangiranso kwa anesi kukafunsa kuti munthu amuboola pamimba, phewa lalowapo bwanji. Anati amapopera mpweya m'mimba kuti aone bwino, ngati mmene amapopera chubu, ndipo wotsalira umakwera m'mwamba n'kumapweteka paphewa, koma utha wokha. Madzulo omwewo anamwa phala. Kutacha anayenda yekha kupita kubafa atagwira khoma. Tsiku linalo adokotala anaona timabala tija n'kunena kuti tizipita, akachotsetse ulusi ku chipatala cha kwathu, asasenze katundu kapena kugwira khasu kwa masabata angapo.

Ndinaima mu shedi ya magadiyani ndikuyang'ana thumba langa la ufa, lomwe ndinali nditangolitapa pamwamba. Amayi amene anakhala kumeneko miyezi anandiyang'ana mwachifundo, poti kwa iwo wodwala wotulutsidwa msanga ndiye kuti madokotala amulephera. Ndinafotokoza za kanema mpaka kukhosi kunauma, ena anakhulupirira, ena anangoti Mulungu akutsogolereni. Nkhuni ndinamusiyira mayi wina wa ku Nsanje amene ankaphikira zitsononkho ndi makatoni. Ufa ndinausenza, unali wa amayi.

Pobwerera ulendo unayenda msanga, koma mtima wanga sunakhale pansi. Ngati ine, amene ndinali pomwepo, ndinakuwa nditaona timapulasitala tija, nanga Laisoni? Mu minibasi yonse ndinkayeseza mawu okamuuza, milomo ikugwedera yokha, mpaka bambo amene ndinakhala naye pafupi anafunsa ngati ndikupemphera kolona. Enelesi anakhala kuwindo. Pa Nkando anagula yekha chinangwa chophika n'kudya chonse, anapemphanso nthochi zanga. Ndinaona, koma sindinaganizepo kanthu.

Pa Chitakale ndinapempha dalaivala wa matola kuti wodwala wanga akhale kutsogolo, wachokera ku opaleshoni.

"Wa opaleshoni ndi uti? Uyu akudziyendera yekhayu?" anaseka. "Mayi, bodza linalo muzisankha. Wa opaleshoni timachita kumunyamula anthu anayi."

Ndinamuuza mawu amene sindingawalembe pano, ndipo Enelesi anakhala kutsogolo. Ine ndinali kumbuyo pa thumba la ufa, ndikumusuzumira pa galasi. Pa msewu wonse wa mabampu uja mutu wake unali utatsamira chitseko, pakamwa pali yasa, ali m'tulo tofa nato.

Tinafika pa Chiringa dzuwa litatsika, nthawi imene ogula nandolo amayamba kumasula masikelo awo pamitengo. Laisoni anali pomwepo, atangogulitsa thumba la nandolo, akukutumula saka. Sankatiyembekeza. Ataona Enelesi akutsika yekha m'galimoto, nkhope yake inawala kaye, kenako maso anapita pa thumba la ufa lodzaza, n'kubwerera kwa mkazi wake.

"Mwabwera? Sanapange?"

"Apanga," anatero Enelesi.

"Apanga liti? Bala lili pati?"

Pamsika sakanavula. Anangoloza pamwamba pa chitenje, apa, apa ndi apa, n'kumuonetsa nsonga ya chala kuti kukula kwake n'kumeneku. Laisoni anakweza ufa pa felemu, Enelesi anakhala pa kaliyala, ndipo tinauyamba wa kumudzi. Ine ndinayamba kufotokoza tisanatuluke n'komwe mumsika. Ndinanena za nyali, za timitengo tachitsulo, za chikhodzodzo cha mbuzi, za buluu. Iye ankangokankha, madigadi akulira kwetekwete.

Pa mphambano ya pa mango anaima.

"Alamu, munalowa m'chipindamo?"

"Sanandilole. Koma ndinaona zonse pa kanema."

"Pa kanema." Anaseka kuseka kopanda chimwemwe. "Pa kanema paja timalipira pa Chiringa timaona munthu akudumpha nyumba, kumenya anthu khumi yekhayekha. Ine ndinati mukaone ndi maso. Mlongo wanga anakatseketsa, kabala kake n'kotere, anabwera mawa lake akuyenda. Ndikawauza chiyani amayi? Kuti alamu anaonera filimu?"

Ndinaona pankhope pake kuti munthuyu sanagone bwino chichokere ife. Koma ine chifundo chimandibwerera mochedwa. Ndinatula beseni pansi, ndinamanga chitenje, ndipo ndinali nditatsegula kale pakamwa kuti ndiyambire pa amayi ake mpaka kwa agogo ake a ku Mozambique. Enelesi anatsika pa kaliyala pang'onopang'ono, atagwira chishalo.

"Achemwali, taimani."

Chibadwire sanandiuzepo kuti ndiime. Ndinaima.

"A Laisoni, kuchokera pamsika mpaka pano mwafunsa za bala, mwayang'ana ufa, mwafunsa za kanema. Inunso achemwali, chinyamukire pano mwangokhalira chiberekero, chiberekero, ngati ndi chimene munaperekeza ku Blantyre. Palibe ndi mmodzi yemwe amene wandifunsa ngati m'mimbamu mukupwetekabe."

Ine ndi Laisoni tinayang'anana.

"Mwasiya," anapitiriza. "Timabalati tikuwawa pang'ono, koma chinthu chija chinkandiluma mkati kulibe. Dzulo ndagona mpaka kucha. Sindikukumbuka kuti ndinagona choncho liti." Anapukuta m'maso ndi nsonga ya mpango. "Sananditseke. Za mwana sindikudziwa, adokotala nawo sakudziwa. Mukakhulupirira, njira ndi iyi. Mukapanda kukhulupirira, ndi iyo. Ufa wokhawo musiye, ndi wa amayi anga."

Anatembenuka n'kuyamba kuyenda njira ya kwathu, pang'onopang'ono, msana uli chilili. Ndinali nditaiwala kuti mng'ono wanga ndi wamtali kuposa ine. Ndinatola beseni n'kumutsatira. Khosi linkandiyabwa kuti ndicheuke, koma iye sankacheuka, ndiye nanenso ndinalimba. Ndinangotchera khutu. Kumbuyo kunali zii. Ndinkamva mapazi athu, njiwa m'mitengo, ndi makoko a nandolo akuthetheka m'minda. Tinadutsa chulu, tinadutsa munda wa chinangwa wa atsibweni, kuli zii. Mumtima ndinati basi, banja latha, ndipo misozi inayamba kundilengeza.

Kenako ndinamva kwetekwete. Poyamba sindinadziwe ngati akubwera kapena akupita. Kulirako kunakula, kunakula, mpaka tayala lakutsogolo linafika pambali pa Enelesi. Laisoni anayenda naye limodzi kanthawi, maso ali pa mahandulo.

"Pali pena pamene pakupweteka?" anafunsa motsitsa.

"Phewa."

"Phewa? Nanga phewa..."

"Alamu, musayambe," ndinatero. "Limenelo ndinafunsa kale."

Anaimitsa njinga, anavula jekete, analipinda kawiri n'kuliyala pa kaliyala. Anatsitsa thumba la ufa kuti njinga ipepuke, n'kumugwira mkazi wake pamkono mpaka atakhala bwino.

Ndayendapo maulendo ena chichokere apo, koma umenewu sundichoka. Ndinapita mpaka ku Blantyre, ndinaona m'mimba mwa mng'ono wanga mkati mwenimweni, kumene ngakhale amayi amene anamubereka sanaoneko. Koma nkhope yake, imene inali pambali panga njira yonse, sindinaiyang'ane. Anandiuza pansi pa mtengo paja chimene ankafuna, ine n'kumuyankha za chiberekero. Zimandiwawa mpaka lero.

Ufa uja ndinausenza ine, beseni lili m'manja. Awiriwo anali patsogolo, njinga ikulira, akulankhulana zimene sindinazimve. Kuchokera pamenepo mpaka pakhomo pa amayi sindinatulutse liwu ndi limodzi lomwe. Za timabala titatu anthu a kwathu anadzakhulupirira patapita nthawi, koma zoti ine ndinayenda mtunda wonsewo osalankhula, mpaka pano amati ndi bodza.